Lamya ya mawaya ikutha, mawu akuyenda pa intaneti: zomwe banja la Chisilamu liyenera kudziwa

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam), akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'maofesi ambiri a m'dziko muno mudakali lamya ya pa tebulo, ija ya nambala yoyamba ndi 01, koma yangotsala yotchingira mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Mlembi wa pa ofesipo akafuna kuyankhula ndi munthu amatulutsa foni m'thumba. Kumudzi nako, mayi akafuna kumva mawu a mwana wake yemwe ali ku Joni sagulanso mayunitsi oimbira kunja. Amagula bandulo, n'kuimba pa WhatsApp.

Kusinthaku kwatifikira tonse popanda wotikhazika pansi kutifotokozera. M'nkhani ino tiona momwe njira ziwirizi zimagwirira ntchito, zomwe tapindula, zomwe tataya, komanso zomwe Shariah ikunena pa malonda, nikah ndi talaka zochitika pa foni. Zitsanzo zathu titenga kwa Kaphuka, kumapiri a Dedza, chifukwa mabanja ambiri a kunyanja ali ndi abale komanso anzawo a malonda kumtunda kumeneko: usipa umakwera phiri, kachewere ndi nyemba zimatsikira kunyanja, ndipo zambiri mwa zimenezi masiku ano zimayamba ndi foni.

Kumene tachokera

Kale makalata ndi lamya zinali m'manja mwa bungwe limodzi la boma, Malawi Posts and Telecommunications Corporation. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linabweretsa bungwe la MACRA kuti liziyang'anira ntchitozi, ndipo mu 2000 bungwe lakale lija linagawidwa pawiri: makalata anapita ku Malawi Posts Corporation, lamya za mawaya zinapita ku Malawi Telecommunications Limited, yomwe tonse timaidziwa kuti MTL. Pofika 2006, gawo lalikulu la MTL linali litagulitsidwa kwa gulu la makampani lotsogozedwa ndi Press Corporation.

Mawaya a lamya ankatsata misewu ikuluikulu, maboma, maofesi, mamishoni ndi malo ena a malonda. Midzi yambiri ya kwa Kaphuka, monganso ya kwa Makanjira kapena Namwera, sinaonepo waya wa lamya ukulowa m'nyumba ya munthu wamba. Wofuna kuimba ankayenda ulendo kupita ku positi ofesi kapena ku telefoni byuro, zija zinachuluka m'matauni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pomwe munthu ankalipira potengera mphindi zomwe wayankhula. Uthenga wa maliro unkayenda pa njinga kapena kudzera pa wailesi.

Mafoni a m'manja ndiwo anasintha zinthu. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel inabwera mu 1999, yomwe inadzasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Kuimika nsanja imodzi pa phiri kumafikira midzi yambiri pamtengo wochepa poyerekeza ndi kukoka waya kupita khomo lililonse. Mawaya a mkuwa analinso ndi mdani wina: akuba omwe ankawadula kukagulitsa, n'kusiya dera lonse lopanda lamya kwa masabata. Choncho midzi yathu yambiri inachoka pa njinga n'kufikira pa foni ya m'manja, osadutsa pa waya.

Si kuno kokha. Ku Britain, komwe pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi lamya ya waya, akutseka njira yakaleyo n'kusamutsira anthu ku lamya zoyendera intaneti. Tsiku lotsekera linali la mu Disembala 2025, koma analisuntha kufika Januwale 2027, mwa zina chifukwa chodera nkhawa okalamba ndi odwala omwe zipangizo zawo zoitanira thandizo zinkadalira waya wakale.

Kusiyana kwa njira ziwirizi

Pa lamya ya waya, mukaimba, makina a ku eksichenji ankakutsegulirani njira yanuyanu kuchokera pa lamya yanu kukafika pa ya mnzanuyo. Njirayo inali ya anthu awiri inu mpaka mutatsitsa lamya, ngakhale nonse mutakhala chete. N'chifukwa chake mtengo wake unkawerengedwa ndi mphindi komanso mtunda: kuimba ku Blantyre kuchokera ku Dedza kunali kodula kuposa kuimba m'boma momwemo, ndipo kuimba ku Johannesburg kunali kodula koposa.

Pa intaneti palibe njira ya munthu mmodzi. Foni imasandutsa mawu anu kukhala manambala, n'kuwadula m'timagawo ting'onoting'ono tambirimbiri, kalikonse kokhala ndi keyala ya komwe kakupita. Zili ngati wamalonda amene alibe lole yakeyake, ndiye wagawa kachewere wake m'matumba n'kukweza m'magalimoto osiyanasiyana opita ku Salima, thumba lililonse atalilemba dzina ndi nambala. Wolandira amawasanja motsata manambalawo. Thumba limodzi likachedwa kapena kusochera, pamakhala mpata. Umo ndi momwe mawu amadukiradukira pa WhatsApp, kapena kufika mochedwa mpaka nonse awiri kumayankhula nthawi imodzi.

Popeza timagawoti timayenda limodzi ndi ta anthu ena onse, mtunda sulowa m'mtengo. Bandulo imadyeka chimodzimodzi kaya mukuimbira wa ku Linthipe kapena wa ku Cape Town. Kuyankhula mawu okha kwa mphindi imodzi sikumaliza ngakhale MB imodzi, pamene kuimba koonana nkhope kumadya kangapo kuposa pamenepo. Amene bandulo yake ndi yochepa azimitse kamera.

Njira imeneyi inatchuka ndi Skype yomwe inayamba mu 2003. WhatsApp inayamba mu 2009 ndi mauthenga olemba, n'kudzawonjezera kuimba mu 2015, ndi kuimba koonana mu 2016. Skype ija inatsekedwa mu Meyi 2025, chomwe chikutikumbutsa kuti mapulogalamu amenewa ndi a makampani akunja, ndipo amatha kusintha kapena kutha osatifunsa.

Zomwe tapindula

Phindu loyamba ndi ubale. Kulumikiza chibale ndi lamulo m'Chisilamu, ndipo kudula chibale ndi limodzi mwa machimo akuluakulu. Madera a Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota ali ndi amuna ambiri omwe akugwira ntchito ku Durban, Johannesburg ndi Cape Town. Makolo athu omwe ankapita ku migodi pa nthawi ya Wenela ankatha zaka akudalira kalata yomwe imayenda masabata. Lero bambo ali ku Durban akhoza kumva mwana wake akuwerenga zomwe waphunzira ku madrasa tsiku lomwelo, n'kumukonza pomwe walakwitsa. Chifukwa choti "kuimba n'kodula" chatha mphamvu, ndipo mwana amene amatha miyezi itatu osayankhula ndi mayi ake akuyenera kudzifunsa kuti chomuletsa n'chiyani.

Phindu lachiwiri ndi malonda. Mlimi wa kwa Kaphuka akhoza kumva mtengo wa kachewere ku Lilongwe asanakweze thumba ndi limodzi lomwe, ndipo mayi wogulitsa usipa akhoza kuonetsa wogula katundu wake pa kamera asanautumize.

Nthawi zina njirayi imapulumutsa miyoyo. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi omwe anapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Oman n'kukakumana ndi nkhanza, ndipo gulu la pa WhatsApp ndi lomwe linathandiza kuti mavuto awo adziwike ndi kuti ambiri abwerere kwawo. Koma wopita kunja adziwe kuti si dziko lililonse limalola kuimba kotere. Saudi Arabia inachotsa chiletso pa mapulogalamu angapo oimbira pa intaneti mu Sepitembala 2017, pamene United Arab Emirates imatsekereza kuimba pa WhatsApp ngakhale mauthenga olemba ndi ojambula mawu amadutsa. Wopita ku Hajj, Umrah kapena kukagwira ntchito agwirizane ndi akubanja njira yachiwiri yolumikizirana asananyamuke.

Zomwe zapita limodzi ndi waya

Lamya yakale inali ndi mphamvu imodzi yomwe ambiri sankaizindikira: magetsi ake ankabwera m'waya momwemo kuchokera ku eksichenji, komwe kunali mabatire akuluakulu. Magetsi a m'nyumba akazima, lamya inkalirabe. Kuimba kwa pa intaneti kumafuna zinthu zinayi nthawi imodzi: foni yokhala ndi moto, bandulo, nsanja yomwe ikugwira ntchito, komanso msewu wa intaneti wotuluka m'dziko. Chimodzi chikasowa, mawu sadutsa.

Zimenezi tinaziona namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pomwe kuzima kwa magetsi kunakhala kwa maola ambiri pa tsiku, komanso namondwe wa Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Ndipo popeza Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja. Mu Meyi 2024 zingwe ziwiri zoterezi, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo intaneti inavuta m'mayiko angapo a kuno kummawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Pa nthawi ngati imeneyo kuimba wamba kwa mayunitsi m'dziko momwemuno kumatha kudutsa pamene WhatsApp ikukanika.

Chachiwiri ndi manambala a ngozi. Simungaimbe 997 ya apolisi kapena 116 yothandiza ana kudzera pa WhatsApp. Manambala amenewa amafuna kuimba wamba kwa pa SIM khadi. Nawonso madotolo, madalaivala a ambulansi ndi amidzi omwe ali ndi galimoto sakhala pa intaneti nthawi zonse. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere usiku, foni yomwe ili ndi bandulo ya WhatsApp yokha popanda mayunitsi singathandize. Chakudza sichiimba ng'oma. Nyumba iliyonse isunge mayunitsi pang'ono omwe sakhudzidwa, ndipo manambala ofunika alembedwe papepala lomwe aliyense akudziwa pomwe lili.

Chachitatu ndi okalamba. Lamya ya waya inali ya nyumba yonse kapena ya ofesi yonse: ikalira, amene ali pafupi ankayankha. Foni ya intaneti ndi ya munthu mmodzi, ndipo nthawi zambiri mwini wake ndi wachinyamata. Agogo amene ali ndi kafoni ka mabatani, kapena alibe n'komwe, amamva za banja lawo lomwe kudzera kwa mdzukulu, ndipo amamva zokhazo zomwe mdzukuluyo wasankha kunena. Zokambirana za maliro, chinkhoswe kapena malo zikathera pa gulu la WhatsApp, eni mbumba amangouzidwa zomwe zagamulidwa kale. Kumeneku n'kuwachotsera akuluakulu ulemu womwe chipembedzo chathu chinawapatsa. Amene muli kunja, patulani ndalama pang'ono yoimbira agogo mwachindunji pa nambala yawo, kapena uzani amene ali ndi foni tsiku ndi ola loti akawapatse foniyo m'manja.

Mawu mukumvawo ndi a ndani?

Nambala ya 01 inali ndi malo ake. Mukaimba nambala ya ofesi, mumadziwa kuti woyankhayo ali mu ofesi imeneyo. Akaunti ya WhatsApp ilibe khomo. Aliyense akhoza kuika chithunzi cha Sheikh, cha bungwe kapena cha mchimwene wanu. Ngakhale kuti kuyambira 2018 ma SIM khadi a m'dziko muno amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, akuba amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena kapena a kunja.

Njira yodziwika kwambiri yobera akaunti ndi iyi: munthu amakuimbirani kapena kukulemberani kuti watumiza molakwitsa manambala 6 pa foni yanu, ndiye mumuwerengere. Manambala amenewo ndi kiyi ya akaunti yanu. Mukangomupatsa, amalowa m'dzina lanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu onse, ponena kuti mwagwidwa ndi apolisi kapena muli m'chipatala. Manambalawo sapatsidwa kwa wina aliyense. Mu WhatsApp mulinso malo oikapo nambala yachinsinsi yachiwiri, ndipo ndi bwino aliyense aiike. Masiku ano kulinso mapulogalamu a kompyuta otha kutsanzira mawu a munthu, choncho kumva mawu ofanana ndi a mwana wanu sikokwanira. Pempho la ndalama likabwera mwadzidzidzi, dulani foni, muimbireni pa nambala yomwe mumaidziwa kale, kapena mufunseni chinthu chomwe akubanja okha angachidziwe.

Qur'an, mu Surah Al-Hujurat, imatilamula kufufuza nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika tisanachitepo kanthu, kuopa kupweteka anthu mosadziwa kenako n'kudzanong'oneza bondo. Surah yomweyo imaletsa miseche ndi kufufuza zinsinsi za ena. Malamulo amenewa sasintha chifukwa choti nkhaniyo yabwera pa voice note. Uthenga wa imfa usamwazidwe pa magulu akubanja enieni asanauzidwe. Uthenga woti mwezi waoneka usatipangitse kuyamba kapena kumasula swaumu tisanamve chilengezo cha atsogoleri omwe anapatsidwa udindowo, chomwe chimamveka pa Radio Islam ndi m'mizikiti. Ndipo kujambula mawu a munthu mobisa n'kuwatumiza kwa ena ndi kuphwanya amana, ngakhale foni ikulola kutero mosavuta.

Malonda, nikah ndi talaka pa foni

Funso loti mgwirizano wopangidwa pa foni ndi wovomerezeka kapena ayi si latsopano. Bungwe la ma ulama la International Islamic Fiqh Academy, lomwe lili pansi pa mgwirizano wa mayiko a Chisilamu wa OIC, linakambirana nkhaniyi pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu Malichi 1990. Linagamula kuti anthu awiri omwe akuyankhulana nthawi imodzi pa lamya amatengedwa ngati ali pamalo amodzi, kotero malonda awo amamangika. Kuimba kwa pa intaneti kukulowa momwemo. Wamalonda wa ku Salima akanena pa foni kuti wagula matumba khumi pa mtengo wakuti, mlimi wa kwa Kaphuka n'kuvomera, malonda achitika. Mlimiyo sangagulitsenso matumba omwewo kwa wina amene wabwera ndi mtengo wokwera ponena kuti "zija zinali za pa foni chabe".

Koma chigamulocho chinapatula zinthu zitatu. Choyamba ndi kusinthana ndalama, monga randi ndi kwacha, chifukwa Shariah imafuna kuti mbali zonse zilandire nthawi yomweyo. Chachiwiri ndi salam, komwe ndi kugula mbewu zomwe zidzaperekedwe mtsogolo, chifukwa mtengo wonse uyenera kulipiridwa pa nthawi ya mgwirizano. Choncho amene akufuna kugwiriratu kachewere wa mwezi wa mawa asangolonjeza pa foni, koma atchule mtundu, muyeso ndi tsiku, n'kulipira ndalama yonse. Ma ulama ambiri a masiku ano amatenga ndalama yomwe yalowa mu akaunti ya munthu ngati yalandiridwa m'manja, ndiye kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba nthawi yomweyo kumathandiza kukwaniritsa lamuloli.

Chachitatu ndi nikah, chifukwa imafuna mboni. Alipo ma ulama ena a masiku ano omwe amaloleza nikah ya pa foni ngati palibe chikaiko pa omwe akuyankhula ndipo mboni zikumva mbali zonse, koma njira yomwe palibe amene amaitsutsa ndi ya wakili. Mwamuna amene ali ku Joni asankhe munthu wodalirika kuno kumudzi kuti amuimire, ndipo nikah ichitike pamaso pa waliyi wa mkazi ndi mboni. Mbiri ya Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ikutionetsa kuti anakwatira Ummu Habiba (Radhiya Allahu anha) mayiyo ali ku Habasha, mfumu Najashi ndi imene inayendetsa mwambowo. Mtunda sunakhalepo chifukwa chochepetsera malamulo a ukwati.

Talaka ndiyo yofunika kuopedwa kwambiri. Ma ulama ambiri amaona kuti mawu omveka bwino a talaka akatuluka m'kamwa mwa mwamuna, ndipo zatsimikizika kuti ndi iyeyo, amagwira ntchito ngakhale atanenedwa pa foni. Kale mwamuna wokwiya ali kutali ankafunika kupeza pepala, envulopu ndi sitampa, ndipo pofika ku positi ofesi mtima unali utazizira. Lero pakati pa mkwiyo ndi khutu la mkazi pali batani limodzi. Amuna, mukamva mphekesera za kumudzi, ikani foni pansi, chitani wudhu, ndipo yankhulani ndi ankhoswe musanayankhule ndi akazi anu. Mayi amene walandira mawu otere asawafufute ndipo asagamule yekha, koma apite nawo kwa Sheikh pamodzi ndi akubanja kuti amve chigamulo cholondola pa iddah ndi ufulu wake.

Kwa makomiti a mizikiti ndi madrasa

Mzikiti kapena madrasa yomwe yasiya lamya ya pa tebulo ikhale ndi nambala imodzi yodziwika ya malowo, yosungidwa ndi komiti, osati nambala ya mwalimu amene mawa akhoza kusamuka nayo. Nambalayo izilandira kuimba wamba, chifukwa makolo ambiri a ana athu alibe mafoni a intaneti. Ilembedwe pakhoma, ndipo anthu auzidwe pa Jumu'ah kuti zopereka zimapita pa nambala yokhayo. Chilengezo chilichonse chomwe chaikidwa pa gulu la WhatsApp chinenedwenso pakamwa mumzikiti, kuti amene alibe bandulo asakhale omaliza kumva za janaza ya m'bale wawo. Ndipo polowa mu swala, foni izimitsidwe kulira.

Tikupempha Allah kuti atipatse nzeru zogwiritsa ntchito zipangizozi polumikiza ubale, ateteze abale athu omwe ali kutali, ndipo asunge malirime athu pa foni monga momwe tikuyenera kuwasungira pamaso pa anthu. Allah ndi Amene akudziwa bwino koposa.

Wasalaam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.